Chaka Chimene Ndinkawalawira Vinyo Aneba Anga

Ku Sheffield ndinabwera motsatira mayi akunyumba. Iwo ndi amene anatsogola atapeza ntchito ya unamwino pachipatala china chachikulu, ine n'kutsala ku Dedza komwe ndinkaphunzitsa pasekondale ina yoyendera. Mapepala atatheka ndinanyamuka, n'kuwapeza akukhala m'kanyumba ka njerwa zofiira, imodzi mwa nyumba zija zomangidwa mogundizana ngati mano, mumsewu wotsetsereka moti ukagwetsa lalanje pakhomo umakalitola kumunsi pa siteji ya basi.

Miyezi yoyamba inandilemera. Mayi akapita kushifiti ndinkatsala ndekha, kusesa m'nyumba mosesedwa kale, kenako kukhala pawindo kumaonerera mvula. Ntchito imene ndinadzaipeza inali ya masiku owerengeka pa sabata, yolongedza katundu m'makatoni. Masiku otsalawo manja ankandiyabwa. Ine ndinakulira m'munda wa kachewere, ndipo ngakhale pamene ndinali mphunzitsi khasu silinkachita dzimbiri pakhomo panga.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la madala ena achizungu, aafupi, a mapewa otambalala, okhala okha. Tinkangopatsana moni wa mutu. Tsiku lina ndinawaona akukankha wilibala yodzaza manyowa, akukwera nayo mtunda, kuyenda pang'ono n'kuima kupuma. Kwathu sungamuonerere munthu wamkulu akulimbana ndi katundu, ndiye ndinatuluka n'kukagwira wilibalayo. Anakana kaye, monga amachitira anthu akuno, koma nditaumirira anasiya.

"Chabwino mnyamata," anatero, "koma usadzandinene, ndi kutali."

Ndevu zanga zinali zitayamba kale imvi, koma kuyambira tsikulo mpaka lero kwa iwo ndine mnyamata.

Tinakwera mpaka nyumba zinatha, n'kulowa pakageti kachitsulo. M'katimo munali timinda ting'onoting'ono tobwereka, tomwe anthu amumzinda amalimamo kabichi, anyezi ndi maluwa, aliyense ndi kashedi kake. Munda wa madalawo unali pamwamba pa yonse, pamalo otsetsereka amene anzawo anawakana. Anaukonza m'masitepe, sitepe iliyonse yotchingidwa ndi miyala, mofanana ndi mmene anthu akwathu amachitira m'mbali mwa phiri kuopa kuti mvula ingakokolole nthaka. Pa sitepe iliyonse panali mitengo yozikidwa ndi mawaya, ndipo pamawayapo panatsamira tizitsa takuda, topindikapindika, tooneka ngati nkhuni zoiwalika.

"Zimenezi n'chiyani, bambo?" ndinafunsa.

"Mphesa."

Ndinaseka osafuna. Mphesa ndinkazidziwa za m'Baibulo ndi za m'sitolo, ndipo m'maganizo mwanga zinali za kumaiko a dzuwa. Apa tinali titaima mphepo ikutidula makutu.

"Seka, onse anayamba n'kuseka," anatero madalawo. "Bwera udzaime apa. Ukumva chiyani?"

Ndinaima pomwe anandilozera, pansi pa khoma la miyala, ndipo mphepo ija inati zii. Anandiuza kuti mundawo unayang'ana kummwera, kumene dzuwa lakuno limadzera, moti likangotuluka limafikira pomwepo, miyala n'kusunga kutenthako mpaka madzulo. Madzi sakhalitsa, amatsikira kumunsi. Chisanu nachonso chimatsika ngati madzi, chimakagona m'minda ya anzawo a kabichi. "Mpesa sufuna nthaka yabwino," anatero. "Ukaunenepetsa umangochita masamba. Uzivutika pang'ono, mizu izikafuna madzi pansi pa miyala, ndiye zipatso zimakhala ndi nkhani."

Tsiku lomwelo, tikumwa tiyi wa m'fulasiki m'kashedi, anandiuza chiyambi chake. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'fakitale yosungunula zitsulo. Chaka china anapita kutchuthi ku Jeremani ndi akazi awo, kumene anaona minda ya mphesa itakwera mapiri m'mbali mwa mtsinje, ndipo anamwa vinyo woyera amene mayiwo sanamuiwale. Pobwerera mayi aja anati, mapiri ndiye kwathu aliko ochuluka, chotiletsa n'chiyani? Madalawo anafunafuna mtundu wa mphesa wopirira kuzizira, n'kubzala. Mayiwo anamwako vinyo wa zaka zingapo, wowawasa zedi poyamba, asanamwalire. Kuchokera pamenepo madalawo anangopitiriza.

Ine ndinapitiriza nawo. Anandipatsa kachigawo kumunsi kwa munda kuti ndizibzala zanga, ndipo ndinafesa mpiru ndi maungu. Atandiona ndikutchola nsonga za maungu anadabwa, akuti ndikuwononga mbewu. Nditawauza kuti imeneyo ndi ndiwo, dzina lake nkhwani, anapukusa mutu, koma mayi akunyumba atawatumizira nkhwani wotendera m'kambale, mbale inabwera yotsukidwa ndi uthenga woti masamba aja akadzaphukanso tisawaiwale.

Ntchito ya mphesa ndinaiphunzira ndi zala zozizidwa. M'nyengo yachisanu timadulira, kuchotsa pafupifupi nthambi zonse, kusiya imodzi kapena ziwiri zomwe timazipinda n'kuzimangirira kuwaya. Ine mtima unkandipweteka podula, ndinkaona ngati tikuupha mtengo.

"Dula, mnyamata, usaumvere chisoni. Ukausiyira nthambi zambiri udzakupatsa mphesa zambiri za madzi okhaokha."

Kunja kukayamba kufunda, timaso ta panthambi zija timatupa n'kutulutsa timasamba tofewa ngati khutu la mbewa. Imeneyo inali nyengo ya nkhawa, chifukwa chisanu cha tsiku limodzi chimatha kuwauma onse. Kenako maluwa, osaoneka n'komwe, koma onunkhira ukayandikira. M'chilimwe tinkathothola masamba ena kuti dzuwa ndi mphepo zifike pazipatso, kupewa chuku. Zikayamba kufewa, kuchoka pobiriwira n'kumaoneka ngati kuwala kukudutsamo, mbalame ndi mavu zinkabwera ngati zaitanidwa, ndipo tinkakuta mizere yonse ndi maneti. Madalawo ankatukwana mbalamezo m'chizungu chawo cha kuno chomwe mpaka lero sindichimva bwino.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkatisiyanitsa. Ine sindimamwa. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo pakhomo pathu ngakhale thobwa likagona masiku angapo linkatayidwa. Mayi akunyumba nawonso anakula chimodzimodzi. Chaka choyamba madalawo anandipatsa botolo ngati kuthokoza, ndipo ndinalilandira ndi manja awiri chifukwa mphatso sitikana. Linakhala pamwamba pa kabati mpaka mayi analipereka kwa mnzawo wa kuntchito. Nditawauza madalawo zoona, sanakhumudwe.

"Ndiye ndapeza wantchito wabwino," anatero akuseka. "Amalima koma samwa."

Zaka zingapo zinadutsa motero. Kenako unabwera mliri wa korona. Mayi akunyumba ankabwera kuchokera kuwodi nkhope ili ndi mizere ya masiki, osafuna kuyankhula, kufikira kubafa asanakhudze kanthu. Madala aja anadwala, ambulansi inawatenga, ndipo kwa masabata angapo makatani a nyumba yawo anali otseka. Mwana wawo wamkazi, amene amakhala ku Middlesbrough, ndiye ankandiimbira foni kundiuza mmene zinthu zilili. Ine ndinkakwera kumunda ndekha, kuchita zimene ndinkakumbukira. Anachira, anabwerako, koma ataonda, malaya akulendewera m'mapewa muja.

Chaka chotsatira dzuwa linawala ngati lalakwa njira. Mphesa zinapsa bwino kuposa kale lonse, zachikasu, zina ndi timadontho tofiirira kumbali yoyang'ana dzuwa. Tinakolola mu Okutobala, m'mawa kukuzizira, tikudula phava lililonse ndi sizasi n'kuchotsa njere zowola imodziimodzi. Madalawo ankakhala pampando pakati pa mizere, ine ndikutsitsa mabeseni pa wilibala. Ndinaona kuti chaka chimenecho sanalaweko mphesa ngakhale imodzi, pomwe kale ankangotafuna tsiku lonse n'kumalavula njere, koma ndinati mwina ndi mano.

Pansi pa nyumba yawo pali chipinda chokumba, chomwe kale ankasungiramo malasha, chozizira chaka chonse. M'menemo ndi mmene vinyo ankapangidwira. Tinaphwanya mphesazo, n'kuzithira m'chofinyira chathabwa chokhala ndi chitsulo chopotokola pamwamba, chomwe madalawo anachisula okha adakali kufakitale. Ankati ndizipotokola pang'onopang'ono, ndikamva kulimba ndiziima, chifukwa ukafinya mwaukali njere zimasweka n'kuwawitsa madzi. Vinyo woyera safuna kukhalitsa ndi makoko, madzi amachotsedwa nthawi yomweyo. Madziwo ndinkamwa ndithu, poti sanali mowa: otsekemera, a mtundu wa madzi a mumtsinje mvula ikagwa. Tinawasiya kuti zinyalala zikhale pansi, m'mawa mwake n'kukoka oyera okhaokha ndi kapaipi kupita m'mabotolo akuluakulu agalasi, n'kuthiramo yisiti. Pakamwa pa botolo lililonse anaikapo kachipangizo kokhala ndi madzi, kotulutsa mpweya koma osaulowetsa. Patapita masiku ochepa chipinda chonse chinkangomveka thubu, thubu, ngati achule akutali.

Tsiku lina masana ndinalowa kukhitchini kwawo n'kupeza utsi uli tolo. Poto wa nyemba anali atapserera pachitofu, iwo ali chikhalire chakumbali akuwerenga nyuzi, nsana atalozetsa kuchitofuko. Ndinazimitsa, n'kutsekula mawindo.

"Bambo, simunamve kununkha?"

Anayang'ana poto uja nthawi yaitali. Kenako anapinda nyuzi ija bwinobwino n'kuiika patebulo.

"Sindimva kanthu, mnyamata. Chibwerereni kuchipatala. Tiyi ndi madzi otentha chabe. Nyama ili ngati ndikutafuna katoni."

Ndinachotsa poto uja pachitofu. Anapitiriza okha, akuti shuga wotsala m'vinyo angathe kumuyeza ndi kagalasi koyandama, zimenezo sizivuta. Koma kagalasiko sikangawauze ngati vinyo wayamba kudwala, ngati akununkha, ngati wafika pomuchotsa pa nsenga zake. Zimenezo ndi za mphuno ndi lilime. Chaka chabwino chotere, chimene anachidikira kuyambira akazi awo ali moyo, chafika iwo alibe mphuno.

"Ndikudziwa kuti sumwa," anatero. "Sindikukupempha kuti umwe. Olawa vinyo sameza, amalavula. Ungonunkhiza, kuika m'kamwa, n'kundiuza zomwe wamva."

Ndinawauza kuti ndikaganize. Kuganiza kwake kunali kukafunsa mayi akunyumba. Ndinawapeza akusita yunifomu, ndipo ndinafotokoza mozungulira, kuyambira pa poto wa nyemba. Anamvetsera osakweza mutu.

"Ndiye mukufuna chilolezo chokamwa mowa, abambo?"

"Ayi, kulavula. Akuti ndizilavula."

"Mmm. Onse amayamba n'kulavula."

Anatembenuza yunifomu ija, n'kusita kolala. Atayankhulanso mawu anali atasintha. Anati kuwodi awaona ambiri otere. Munthu akasiya kumva fungo amasiya kudya, akasiya kudya amasiya kufuna china chilichonse, ndipo achibale amadabwa kuti bwanji akufooka pomwe matenda anatha. Anati madalawo chowadzutsa m'mawa ndi mabotolo amenewo.

"Pitani mukawathandize. Koma tsiku limene mudzabwere kuno mukuyimba, mudzakagona kushedi komweko ndi mawilibala."

M'mawa mwake tinatsikira kuchipinda chija. Madalawo anakoka vinyo pang'ono m'botolo loyamba n'kuthira m'tambula yokhala ndi mwendo. Anali wa mbuu, ngati madzi otsukira mpunga. Anandionetsa kagwiridwe kake, kumwendo osati kumimba kuti dzanja lisamutenthetse, ndi kuzunguza kuti fungo likwere. Ndinanunkhiza. Linali fungo la mtanda wa buledi ukufufuma, ndi kena kobiriwira kumbuyo kwake. Ndinaika m'kamwa. Nsagwada zinakokana, maso anatuluka misozi, ndipo ndinalavulira m'ndowa mofulumira kuposa mmene anandiuzira.

Madalawo anaseka mpaka kutsokomola, kuseka koyamba chichokereni kuchipatala.

"Chabwino, nkhope yandiuza. Tsopano pakamwa pandiuze. Wamva chiyani?"

"Bwemba," ndinatero.

"Chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi chipatso cha kwathu cha makoko ouma, chowawasa moti ukangochiganiza malovu amadzadza m'kamwa. Iwo ankafuna ndinene zipatso zakuno, timabulosi tawo tobiriwira ta m'minga ndi maluwa oyera a m'mipanda, koma ine zimenezo sindinakule nazo. Lilime langa linaphunzira ku Dedza. Ndiye tinagwirizana kuti ine ndizinena zakwathu, iwo azifunsa mafunso mpaka amvetse. Kuwawasa kwake kukuluma kutsogolo kwa lilime kapena m'mbali? Kukutha msanga kapena kukukhalitsa? Kukumanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa? Akamva mayankho ankagwedeza mutu, akuti ali bwino, ndi mwana, akula.

Titafika pa botolo lina lakukona, ndinabweza mutu ndisanalawe n'komwe.

"Ili likununkha dzira lowola."

Nkhope yawo inasintha. Anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona, kenako anayamba kulamula ngati ali kufakitale. Anati yisiti yavutika, ndipo vinyo akakhalitsa pa nsenga zimenezo botolo lonse litayika. Tinamukoka ndi kapaipi kupita m'botolo lina loyera, tikumugwetsa kuchokera pamwamba kuti amenyane ndi mpweya, nsenga zonse n'kutsala. Patapita masiku angapo ndinanunkhizanso, fungo lija linali litapita. Madalawo anandigwira paphewa, n'kukwera masitepe kukatereka ketulo.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse m'mawa linali la kulawa. Kuwira kutatha tinachotsa vinyo yense pa nsenga. Chisanu chitafika anandiuza kuti nditsekule kawindo ka chipindacho kuti kuzizira kulowe, ndipo vinyo anayamba kuyera kuchokera pamwamba kutsika pansi, sabata ndi sabata, mpaka unkatha kuona chala chako kuseri kwa botolo. Pansi panagwa timiyala tonyezimira ngati shuga, ndipo madalawo anati kumeneko ndi kuwawasa kwina kukuchoka kokha.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti ndinayamba kudikira Loweruka. Chinthu chomwe ndinkachiona ngati mowa basi, chinthu chimodzi chokhala ndi fungo limodzi la pabala, chinkasintha ngati mwana amene ukumuona akukula. Bwemba uja anafatsa. Kunabwera mandimu, osati madzi ake koma khoko lake ukalikanda ndi chikhadabo. Sabata ina ndinamva mapichesi, ang'onoang'ono olimba aja amene amayi amagulitsa m'mabeseni m'mbali mwa msewu kwathu, ukawaluma asanapsetse. Ndinawauza madalawo, ndipo mapichesi ankawadziwa, anakondwa kwambiri. Tsiku lina ndinakhalitsa tambula ili pamphuno.

"Watani, mnyamata? Dzira lija labweranso?"

"Ayi bambo. Ndamva mvula."

Linali fungo la mvula yoyamba ikagwa pathanthwe lotentha, fungo limene limakupeza uli m'kalasi mu Novembala ana onse n'kutembenukira kuwindo. Sindinaganizepo kuti ndingalipeze m'chipinda cha malasha ku Ulaya. Ndinawafotokozera za fumbi la mwezi wa Okutobala, za mitambo yakuda yochokera ku Mozambiki, za mmene anthu amathamangira kukaanula ufa. Anamvetsera maso atatseka. Nditamaliza anati akazi awo ankanena kuti vinyo wa kumunda umenewu amakoma ngati mwala wonyowa, ndipo iwo ankawaseka kuti ndani analawapo mwala.

Masiku amenewo madalawo ankadya pang'ono, ndipo mayi akunyumba anayamba kuwatumizira chakudya cha tsabola wambiri, akuti ngakhale lilime litagona, kuyabwa kwa tsabola limamva. Anawauzanso kuti m'mawa uliwonse azinunkhiza zinthu za fungo lamphamvu, ndimu, khofi, adyo, ngakhale asamve kanthu, kuti mphuno ikumbuke ntchito yake. Madalawo ankamvera mayiwo kuposa mmene ankamverera mwana wawo. Akawaona akubwera ankabisa ndudu.

Mitengo itayambanso kuphuka, tinathira vinyo m'mabotolo ang'onoang'ono. Tisanatero panali nkhani yosakaniza. Vinyo wochokera m'masitepe apamwamba, pamene dzuwa limakhalitsa, anali wonenepa m'kamwa, wokhala ndi kakutsekemera ka masuku akupsa kumapeto kwake ngakhale shuga anali atatha. Wa m'masitepe apansi anali wowonda, wakuthwa. Madalawo anati aliyense payekha ndi woperewera, ndipo tinakhala m'mawa wonse ndikusakaniza m'matambula, uyu pang'ono, uyu wambiri, iwo akufunsa, ine ndikuyankha n'kumalavula, mpaka lilime linachita dzanzi. Pomaliza ndinapeza tambula imene inayamba ndi ndimu, pakati n'kubwera pichesi, ndipo utalavula mwala wonyowa uja unkatsala m'kamwa nthawi yaitali, m'kamwamo muli mwaukhondo ngati wamwa madzi a pakasupe.

"Ndi ameneyu," ndinatero.

"Watsimikiza?"

"Ndatsimikiza, bambo."

"Ndiye ndi ameneyo." Sanafunsenso.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, mayi akunyumba anawaitana madalawo kudzadya nafe. Anakazinga nsomba, anaphika mpunga ndi nkhwani woyamba wa chaka chimenecho. Madalawo anabwera atavala tayi, botolo lozizira lili m'manja, ndi matambula atatu okulungidwa m'kansalu. Titapemphera anatsekula botolo n'kuthira onse atatu, osafunsa. Padzuwa la pawindo vinyoyo anali wa mtundu wa udzu wouma wa mwezi wa Julayi, ndi kobiriwira pang'ono m'mphepete.

Ndinayang'ana mayi. Patebulo panalibe ndowa yolavulira.

"Musandiyang'ane ine," anatero m'Chichewa. "Mwakhala mukutsuka m'kamwa ndi zimenezi chisanu chonse. Mezani kamodzi, mwina mungasiye kutiuza za mvula."

Ndinameza. Kunatsika kozizira, kenako kakutentha pang'ono pachifuwa, ndipo nsomba imene ndinadya pambuyo pake inakoma mwina. Mayi ananyamula tambula yawo, kununkhiza monga anandionera ndikuchitira, n'kunyambita pang'ono chabe. Anakwinya nkhope, n'kuganiza.

"Magwafa," anatero. "Osapsa. Amene tinkaba kumishoni."

Ndinamasulira madalawo, ndipo anaseka n'kunena kuti chisanu chonse analemba ntchito munthu wolakwika. Tambula ya mayi inathera pamenepo, vinyo wotsalamo anamuthira m'poto wa nsomba tsiku lotsatira. Madalawo anamwa yawo pang'onopang'ono. Ndinawafunsa ngati akumvako kanthu. Anati kuzizira akukumva, ndi kuluma pang'ono m'mbali mwa lilime, basi. Koma anati palibe kanthu, akumudziwa vinyo ameneyu kuposa wina aliyense amene anapangapo, chifukwa palibe wina amene anamufunsa mafunso ochuluka chotere.

Mphuno yawo inabwerera pang'ono m'chaka chotsatira, koma mosokonekera. Khofi ankati akununkha matayala opsa. Ndimu yokha ndi imene inabwera bwinobwino, ndipo ankayenda nayo m'thumba la jekete. Ndinapitiriza kuwalawira. Kumpingo kwathu, komwe Amalawi a mizinda yoyandikana timakumana mwezi ndi mwezi ku Bolton, nkhani inamveka, poti mayi akunyumba sasunga nkhani yoseketsa. Akuluakulu ena anandiyang'ana cham'mbali kwa kanthawi. Mmodzi anandikokera pambali kundifunsa ngati zili zoona, ndipo nditavomera n'kufotokoza zonse, anafunsa ngati madalawo ali ndi wina wowachezera masiku amene ine ndili kuntchito.

Kenako miyendo inayamba kuwakana madala aja. Anagwa kamodzi pa masitepe a kumunda mvula itagwa, osathyoka, koma mwana wawo anati basi zakwana. Anawatenga kukakhala nawo ku Middlesbrough, kumalo kopanda mtunda. Tsiku losamuka, chofinyira chija ndi mabotolo agalasi anazitsitsira kuchipinda chapansi cha nyumba yathu, mayi akunyumba ataima pakhomo manja ali m'chiuno, osaletsa. A komiti yoyang'anira timinda tija anavomera kuti munda ukhale m'manja mwanga, poti ndinali nditaulima zaka zonsezo.

Chaka changa choyamba ndekha chisanu chinabwera mochedwa n'kuwauma theka la mphukira. Chachiwiri ndinakolola, koma vinyo anatuluka wowonda. Ndimamwa tambula imodzi pa Khirisimasi ndi ina tikamathira m'mabotolo, wotsalayo amapita kwa anamwino anzawo a mayi, amene amayamba kufunsa chilimwe chisanafike.

Mwezi wathawu ndinakwera sitima kukawaona. Ndinawapeza atakhala pawindo, bulangete lili m'miyendo, akuonerera mbalame za kunyanja zikukangana padenga la aneba. Akalamba ndithu, mawu achepa. Ndinawaonetsa zithunzi za kumunda pafoni, mizere yonse nditaidulira bwino n'kuimangirira. Anavala magalasi, n'kukulitsa chithunzi ndi zala, kuyang'ana chitsa chimodzichimodzi.

"Ichi n'chiyani?" analoza.

"Ndasiya nthambi zitatu, bambo. Unkaoneka wamphamvu."

"Ndipo ichi? Ndi ichi?" Anavula magalasi aja n'kundiyang'ana. "Ukadali ndi chisoni, mnyamata. Ukabwerera ukadule."

Mwana wawo anabweretsa tiyi ndi mabisiketi, ndipo tinakhala mpaka dzuwa litapendeka, iwo akundifunsa za khoma la sitepe yapamwamba ngati likadali chilili, ndi za munthu wa kabichi wa kumunsi ngati anasiya kuwotcha zinyalala mphepo ikuloza kumphesa. Loweruka lotsatira ndinakwera kumunda ndi sizasi, n'kukadula.